Bango m'Mbiya ya Nsembe

Pakhomo pa a Ezequiel, ku Mualadzi, padali pabwino kukulirapo. Bamboyo ankaweta njuchi m'ming'oma khumi ndi iwiri, ndipo mkazi wawo, a Olga, sadali munthu woti mwana n'kugona ndi njala iwo alipo. Lamulungu banja lonse linkapita kutchalitchi, komabe makolo akale silidawataye. Mwana wawo Sailesi, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, adali waulemu ndi wolimbikira ntchito. Chilema chake chidali chimodzi: mnzake akangomutama, nzeru zinkamuthawa.

A Olga adali ndi chisoni chimene adakula nacho. Bambo awo adamwalira ku Zambia pa nthawi yothawa nkhondo, ndipo adaikidwa komweko ngati mlendo, popanda mwambo. Nkhondo itatha anthu adabwerera, koma mzimu wa mkuluyo palibe adauitana kuti ubwere kwawo. Wodziwa manda ndi mawu oitanira adatsala mmodzi yekha, a Yosiya, mlongo wawo wamkulu wa a Olga, amene adakhazikika ku Zambia komweko. Chaka china a Yosiya adatumiza uthenga woti chifuwa chikuwatha, koma masau akapsa adzayesetsa kubwera ndi dothi la pamanda. Adapempha kuti adzapeze mowa wa nsembe uli tayale.

Mowa wake sudali wa chimera ayi. Mkuluyo ali moyo ankamwa wa uchi ndi masau, ndiye mzimu wake sukadalandira wina. A Olga adatola masau akupsa bwino, adawayanika, n'kuwasinja pang'ono mumtondo. Adawanyika m'madzi ofunda, adasefera mumbiya, ndipo a Ezequiel adathiramo uchi wonse umene adafula chaka chimenecho, umene udali wochepa chifukwa mvula idavuta. Utawira masiku asanu, adavundikira mbiyayo ndi mbale yadothi, adamata dongo m'mbali monse, n'kuiika m'kanyumba kakuseri kuti mowa ukhwime milungu itatu.

Popeza makolowo ankatandala kudimba, mfungulo wa kanyumbako adapatsa Sailesi.

"Mbiya iyi si ya amoyo," adatero mayi ake. "Salawa munthu, ngakhale ine wofululane. Oyamba kumwa ndi agogo ako. Ndipo mpweya ukangolowa, mowa usasa. Uchi wina kulibe mpaka chaka chamawa, ndipo atsibweni ako sindikudziwa ngati adzafike chaka chamawacho."

Sailesi adalonjeza, ndipo polonjezapo sankanama.

Koma masiku amenewo n'kuti atayamba kuzolowera pabaraka, malo omwera mowa a pamsika, pamene ankakhala Nilton, mnyamata wonyamula anthu pa mota, njinga yamoto ija. Nilton adali ndi pakamwa potsekemera, ankamugulira garafa ya mowa imodzi kapena ziwiri n'kumamutcha mwamuna weniweni. Tsiku lina, mutu utatentha, Sailesi adayamba kudzitama za mbiya imene amalondera. Nilton adaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iwe, wakufa ali ndi mmero? Mowa wotere n'kuuthira padothi, amoyofe tikumwa zowawa izi? Sindikuti utsegule ayi. Boola dongolo, ulowetse bango, tilawe kamodzi kokha. Kapena ukuopa mayi ako ngati mwana wakubere?"

Mawu omalizawo ndiwo adamulasa. M'mawa mwake dzuwa lili paliwombo, awiriwo adalowa m'kanyumba muja. Sailesi adaboola dongolo mwamantha, koma mowawo utafika palilime, wozuna ndi wowawasira pang'ono ngati sau lakupsa, mantha onse adasungunuka. Kamodzi kaja kadabala kawiri. Posakhalitsa sankadikiranso Nilton, ankalowa yekha makolo ake akangokhota njira yakudimba.

A Ezequiel adamva fungo ndipo adamuitanira pambali. Sailesi adati ndi mowa wa pabaraka, ndipo bamboyo adakhulupirira.

"Mwana wanga, mowa suba ng'ombe tsiku loyamba," adatero. "Umayamba ndi kuba manyazi. Siya njira ya kubarakayo usanatichititse zachilendo."

Mnyamatayo adaweramitsa mutu ngati wamva. Chomwe chinkamupweteka kwambiri chidali china. M'mawa uliwonse a Olga ankaima pakhomo la kanyumbako, n'kuwomba m'manja mwakachetechete, kuwauza bambo awo kuti apirire, atsala pang'ono kufika kwawo. Sailesi ankamva zimenezi mtima n'kumuluma, ankalumbira kuti lero sakhudza, koma pofika masana bango linkakhala lili kale m'manja.

Mlungu wachitatu adagwedeza mbiya n'kupeza kuti yapepuka. Adathamangira kwa Nilton thukuta lili kamukamu. Nilton sadadandaule n'komwe, adangoti athiremo madzi, mizimu siyeza mowa. Sailesi adatunga madzi pachitsime, adawathira pabowo paja mpaka mbiya idalemeranso, n'kutsekapo ndi matope. Kunja kwake idaoneka bwinobwino.

A Yosiya adafika atawonda, akutsokomola, dothi la pamanda atalimanga m'kansalu koyera. A Olga adalira powaona. M'mawa mwake abale onse adasonkhana patsinde pa mtengo wa msolo, ndipo Sailesi ndi bambo ake adanyamula mbiya n'kuitula patsogolo pa nkhalambayo. Nilton sadaoneke.

A Olga adagamula dongo n'kuchotsa mbale. Fungo losasa lidawomba anthu m'mphuno. Pamwamba pa mowa padayala nkhungu yoyera, ndipo tintchentche tidali yandayanda. A Yosiya adatola chibenthu cha dongo, adachitembenuza, n'kuona bowo lotsekedwa ndi matope atsopano. Sadakweze mawu.

"Ndani wamwa bambo asanamwe?"

Sailesi adaona mayi ake akuyang'ana manja awo, akudzifunsa pamene adalakwitsa pofulula, ndipo sadathenso kupirira. Adagwada n'kuulula zonse, za bango, za madzi, ndi za bodza limene adanamiza bambo ake.

A Olga adadandaulira mlongo wawo kuti afulule wa chimera msangamsanga, kapena akagule uchi ku Chifunde. A Yosiya adapukusa mutu.

"Mlongo wanga, bambo sitingawaitane ndi makombo, ndiponso sitingawaitane ndi zogula. Uchi uyenera kukhala wa pakhomo pamene akubwera kudzakhala. Dothili silingatsale m'mudzi muno popanda nsembe, ndibwerera nalo. Tidzayesa chaka chamawa, ngati ndidzakhalepo."

Sadakhalepo. Mvula yoyamba isanagwe, uthenga udafika woti a Yosiya amwalira, ndipo mawu oitanira aja adapita nawo.

A Olga sadamumenye Sailesi, sadamutukwanenso, ndipo iye akadakonda akadatero. Mnyamatayo adasiya mowa, adakalapa kutchalitchi, ndipo makolo ake adamukhululukira. Chaka chotsatira njuchi zidadzaza ming'oma, masau adabereka mpaka nthambi kuwerama. Sailesi adafula uchi wambiri n'kukautula pamapazi pa mayi ake, nawapempha kuti afululenso.

"Wachita bwino, mwana wanga," adatero a Olga. "Koma awaitane ndani?"

Achinyamata, imvani. Chimene makolo akusungitsani musachikhudze chifukwa mnzanu wakusekani, ndipo mowa musauyese ndi mawu oti kamodzi kokha. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Mulungu amakhululukira wolapa, makolo nawonso amakhululuka, koma pali zina zimene kulapa sikubweza. Sailesi adamwa milungu itatu yokha, ndipo mayi ake adzafa bambo awo akadali mlendo kudziko la eni.