Dzira la Pafupi ndi Chitseko

"Simulitaya limeneli!"

Phuma anaima kutsogolo kwa makina ofungatira mazira atatambasula manja ngati mlonda wa pageti. Dzinali anamupatsa ndi azakhali ake, chifukwa mtsikanayu sankadikira ngakhale tiyi kuti apole.

Azakhali anaika ndowa pansi. "Anzake anaswa dzana, akudya kale. Ili langoboola kabowo n'kutopa. Lero nditsuka makina, mawa ndiika mazira ena."

"Akulira m'katimo, simukumva? Mwanapiye wamoyo mukamuponye kudzala ngati chikho chosweka? Azakhali, chisoni mulibe inu!"

Dziralo linali lake. Azakhali anamupatsa atangomaliza mayeso, iye n'kulijambula kanyenyezi ndi pensulo. Kwa masabata atatu ankalota nkhuku yoyera ikumulondola pabwalo, kenaka khola lakelake lodzaza. Tsopano misozi ya mkwiyo inkamuwotcha m'maso.

"Wamaliza kulalikira?" anafunsa azakhali. "Tabwera nayo foni yako."

Azakhali anayamba kuona zithunzi chimodzichimodzi: dzira, dzira, dzira lomwelo, kamlomo katasuzumira pabowo.

"Zowala bwino bwanji! Nanga galasi la chitsekochi lili kuti pazithunzipa?"

Phuma anayang'ana zala zakumapazi.

"Ndinakuuza kuti anapiye akayamba kuboola, chitseko sichitsegulidwa. Ukatsegula chinyezi chimathawa, kakhungu ka m'kati mwa dzira kamauma n'kumata mwanapiye ngati guluu. Iwe unalisunthira pafupi ndi chitseko kuti uzilijambula bwino. Unatsegula kangati?"

"Pang'ono pokha."

"Zithunzi khumi ndi zinayi, mayi wachisoni iwe! Wopanda chisoni ndine?"

Mkwiyo wa Phuma unasowa kolowera. "Ndiloleni ndimuthandize," anatero ndi mawu otsika.

Azakhali anapuma mozama n'kukatenga kapu ya madzi ofunda, nthenga ndi kamtengo kotokosera m'mano. Phuma anaviika nthenga ija n'kunyowetsa kakhungu kouma kaja mpaka kanafewa. Anayamba kubenthula chigoba pang'onopang'ono kuzungulira bowo. Kamlomo kanayasama. Zala za Phuma zinafulumira, ndipo anakoka chibenthu chachikulu. Kadontho kofiira kanatuluka.

Azakhali anamugwira dzanja. "Ima pomwepo! Ukuona timitsempha ito? Tisanaphwe, ukang'amba ataya magazi, afera m'manja mwako."

"Ndiye tidikire mpaka liti?"

"Mpaka iyeyo akonzeke. Osati iwe."

Dziralo analikulunga m'kansalu kofunda konyowa, bowo n'kulisiya poyera, n'kulibwezera m'makina. Azakhali ananyamula ndowa yawo. "Mazira anga adikira tsiku lina chifukwa cha iwe," anang'ung'udza potuluka. "Ukakhudzanso chitseko, ndikufungatiritsa wekha."

Phuma anakhala pampando n'kukhalira manja ake onse awiri. Dzuwa linachoka pazenera n'kufika pakhoma. Chakudya chamasana chinazizira pambale. Dziralo linkagwedezeka n'kukhala duu, kugwedezeka n'kukhala duu, ndipo nthawi iliyonse likakhala chete iye ankaganiza kuti basi, wamupha.

Cha m'ma folo azakhali anabwera, natsegula kamodzi kokha. Timitsempha tija tinali titafota. Phuma anasenda kakhungu kumutu kokha, n'kubweza dziralo msangamsanga. Posakhalitsa kamwendo kanapalasa, chigoba n'kugawanika. Panagwa kanthu konyowa, kakhosi kopyapyala, konyansa kwabasi, ndiponso kakuda bii.

"Nkhuku yako yoyera ija ndi imeneyi?" anaseka azakhali.

"Ndi yokongola! Musainyoze!"

Phuma anatulutsa foni, dzanja linalo likupita lokha pachogwirira chitseko. Litagunda chitsulocho, linaima. Mtsikanayo anabweza dzanja lija kumbuyo, n'kujambula kudzera pagalasi.

Chithunzicho chinatuluka chachimbuuzi, mwanapiye osaoneka bwino, mphuno ya mwini foni ikunyezimira pagalasi. Zina khumi ndi zinayi zija anazifufuta. Anasunga chimenechi.