Nkhunda za Haji Shawqi

Mumsewu wathu wonse ku Damanhour munalibe nyumba yolongosoka ngati yanga. Ine sekondale ndinamaliza pa nthawi imene anzanga ankakwatiwa asanadziwe kulemba dzina lawo. Mwana wanga Medhat ndinamulera ndekha bambo ake atamwalira: malaya ositidwa, mapemphero a swala osaphonya, bodza ayi. Atalembedwa ntchito ku ofesi ya boma yoyang'anira madzi apansi, ndinagawa maswiti ngakhale kwa anthu amene sindilankhula nawo.

Kumapeto kwa msewuwo kunali malo akale omwetsera mafuta a galimoto, mwini wake Haji Shawqi. Matanki ake anadontha kwa zaka zambiri, petulo n'kulowa m'madzi apansi. Boma linamanga mijigo yathu ndi maunyolo, n'kulamula mkuluyo kuti ayeretse madziwo, apo ayi malowo asawagulitse. Wotunga madzi m'zitsime zoyezera n'kuwatumiza ku labotale anali Medhat. Mijigo ikanatsegulidwa pa mawu ake.

Ntchitoyo inali yowawa. Usanadzaze botolo umayenera kupopa kaye madzi onse ogonera m'chitsimemo, dzuwa likuswa mutu.

Ndinamuchenjeza tsiku loyamba lomwe. "Kwa munthu amene ukumuyeza usakadyeko. Ukangodya naye buledi ndi mchere, sudzathanso kumunenera zoona."

"Amayi, inu munalekezera sekondale, ine yunivesite," anatero akupesa tsitsi.

Haji Shawqi ankamuonerera ali pamthunzi, pakhomo pa nyumba ya tiyi. "Bwana injiniya, manja ofewawo ndi opopera madzi? Muuma ngati nsomba yowamba, ndiye adzakuloleni mtsikana wake uti? Bwerani mupumeko."

Medhat anakana kamodzi, anakana kawiri, monga mwa ulemu wa kwathu. Kachitatu anakhala pansi. Unayamba tiyi, kenako fodya wa shisha, kenako nkhunda zophika ndi mpunga kunyumba kwa mkuluyo. Zitsime anasiya kuzivundukula. Mabotolo a boma ankangowadzaza pampopi wa kuseri kwa nyumba ya tiyi, iye n'kubwerera pa mpando wake.

Labotale inati madzi ayera. Maunyolo anachotsedwa, amayi n'kululutira. Popeza madzi a m'mipopi amathawathawa kuno, aliyense anabwerera ku mijigo, kuphatikizapo mwana wanga wamkazi Nagat, amene amakhala pafupi ndi malowo ndi kamtsikana kake, Rimas.

Koma ine mphuno yanga sinama. Nagat atandipatsa madzi akumwa, ndinanunkhiza n'kuwathira pansi. Ndinamupeza Medhat akupukuta nsapato.

"Iwe, madziwa akununkha galaja. Unayeza chiyani?"

Sanandiyang'ane. Anati fungolo litha lokha, anati makina amene Haji anaika oyeretsera madziwo akugwirabe ntchito. Nditamuuza kuti apite kwa mabwana ake akaulule, anayankha motsitsa mawu.

"Ndingamuyalutse bwanji munthu amene ndadya m'mbale mwake? Anthu adzanditi chiyani?"

Ndinayenda khomo ndi khomo kuletsa anthu kumwa madziwo. Anandiseka. Ankati mayi a Medhat ayamba kudziona ngati aposa labotale. Ngakhale mwamuna wa Nagat anati madzi ogula alibe nawo ndalama.

Patapita miyezi ana anayamba kudwala: mutu, chizungulire, kusanza. Rimas anayezuka, m'kamwa mukutuluka magazi, mpaka anagonekedwa m'chipatala. Boma linatumiza anthu ena. Iwo anapopa zitsime bwinobwino n'kupeza petulo ali tho. Atabwereza kuona zotsatira za Medhat anapezamo klorini, mankhwala amene amathiridwa m'madzi a pampopi okha.

Apolisi atafika, Haji Shawqi anali atagulitsa kale malowo. Anatambasula manja ake, mikanda ya pemphero ikulendewera.

"Ine ndinangomupatsa chakudya mlendo. Kuchereza kwasanduka mlandu? Mabotolowo sindinawagwirepo."

Medhat ali m'ndende. Rimas amamuwonjezera magazi pafupipafupi, ndipo madokotala akafunsidwa amayang'ana kumbali. Nagat salola kuti dzina la mchimwene wake litchulidwe m'nyumba mwake. Ine ndikamadutsa, amayi amene anandiseka aja amanong'onezana kuti akupita apowo ndi mayi a petulo.

Inu achinyamata, ndimvereni, chifukwa ine sindilankhula zopanda mutu. Akakutumani kukayang'anira munthu, musakhale pamthunzi wake ndipo musadye chake. Ulesi udzakukhazikani pa mpando, manyazi adzakutsekani pakamwa, ndipo wodzamwa bodza lanu adzakhala mwana wa mlongo wanu.