Kakowa Wosajompha Nsomba

Sendererani kuno, nkhaniyi siifuna kukuwa.

Khamiso anali mlonda wa mbalame panyanja yathu m'chigawo cha Sindh. Mkulu wake, Soomar, ankasaka abakha monga ankachitira makolo: kumangirira khungu la kakowa pamutu, kumira mpaka m'mphuno, n'kumasendera pang'onopang'ono pakati pa mbalamezo, kumazikoka miyendo. Boma litaletsa zimenezi, Khamiso analankhula pagulu kuti, "Achimwene, ndikadzakupezaninso ndidzakumangani ndi manja angawa." Tsiku lomwelo Soomar analowa m'madzi, osabwerako. Ena ankati anamira, ena ankati anathawira kumzinda wa Karachi.

Patatha chaka, nyengo yozizira, kunabwera mayi wina wokonda kuonera mbalame, dzina lake Parveen, n'kumanga tenti pafupi ndi bango. Madzulo oyamba anapatsira Khamiso magalasi ake oonera patali.

"Bambo mlonda, akakowa anu kuno amasala kudya? Uyo chifikireni sanajomphepo nsomba."

Khamiso anaseka, koma atasuzumira, kuseka kunathera pakhosi. Mbalame zonse zinayang'ana kochokera mphepo. Imeneyo yokha inayang'ana kumtunda, khosi lili gwa.

Usiku wachiwiri kunalibe mwezi. Achule anasiya kulira onse nthawi imodzi, ndipo mumdimamo munamveka bakha akuti kwe, kenako zii. Wina kwe, zii. Madzi okha ankati phwa, phwa m'bango, ngati munthu akuyenda mosafuna kudzutsa mwana.

"Mwamva?" ananong'ona Parveen ali m'tenti.

"Gonani, mayi," anayankha Khamiso ali panja. "Ndi mphaka wam'tchire."

"Mphaka wake amatsokomola?"

Kutacha, pakhomo pa kanyumba ka Khamiso panali abakha atatu akufa, onyowa, miyendo yomangidwa ndi luzi. Asodzi anakana kulowa m'madzi. Ankati wakufa akudyetsa m'bale wake. Koma Khamiso mtima unali pena: nanga ngati ali moyo, akugona m'bango chaka chathunthu chifukwa choopa ine?

Usiku wachitatu anatenga bwato yekha, wopanda nyali, akukankha ndi nsungwi. Anakaona patsogolo pake, kanthu koyera kali duu. Anakalondola mpaka nsungwi inasiya kugunda pansi.

"Achimwene," anatero, "ndine. Sindinatenge unyolo. Tiyeni kunyumba."

Kakowayo anatembenuka thupi lonse, pang'onopang'ono. Khamiso anatambasula dzanja n'kumugwira. Linali khungu lokha, louma, lodzaza udzu, chingwe chake chomangira kuchibwano chikadali chomanga. Pansi pake panalibe mutu wa munthu. Ndipo pamenepo, anthu inu, ndi pakuya poti amuna atatu atasanjikizana sangatulutse chala.

Kenako anamva mpweya wofunda kuseri kwa khutu lake, ngati wa munthu amene akufuna kunena kanthu n'kuleka.

M'mawa mwake anakabweza yunifolomu. Mpaka lero amakhala m'mphepete mwa nyanja, kudikira.

Ndiye chonde, nkhaniyi kauzeniko ena kumene mukupitako. Mwina ingafike m'makutu mwa Soomar, adziwe kuti mng'ono wake salinso mlonda.