Khosi la Kahiga

Chimene Gathoni anayamba kuona chinali tiulusi ta chiguduli m'tsitsi la mwamuna wake. Chinali chaka chomwe boma la Angerezi linatentha nyumba za m'mapiri a ku Nyeri n'kuunjika anthu m'mudzi umodzi wozingidwa ndi ngalande ndi waya waminga, kuti anyamata a Mau Mau, omwe ankamenyana ndi bomalo ali m'nkhalango, asowe owapatsa chakudya. Lole ya boma inkabwera kudzatenga mwamuna wakeyo, Kahiga, kusanache, ndipo ankabwerako madzulo ali ndi kashuga m'pepala, maso ali pansi.

"Bambo a Nyakio, ndi ntchito yanji yoti chiguduli chizikulowani mpaka m'makutu?"

"Timasenza mbatata za asilikali. Phika, usandifunse."

Masiku amenewo aliyense ankanong'ona za gakunia, munthu wovekedwa chiguduli choboola maso okha. Asilikali ankandandalika anthu pabwalo, gakunia n'kumadutsa pamaso pawo. Amene wamugwedezera mutu ankakwezedwa lole, ndipo ambiri sankabwerako. Pokumba ngalande amayi ena ankati ndi mlendo wa ku Nairobi, ena ankati ayi, ndi munthu yemwe timapemphana naye moto.

Usiku wina, chitoliro chotsekera anthu m'nyumba chitalira kalekale, Gathoni anadzidzimuka ndi kaphokoso. Kweche. Kweche. Moto unali utazima, ndipo mbuzi yomwe ankagona nayo m'nyumba inali itasiya kubzikula. Pa mng'alu wa chitseko pankalowa kuwala kochepa kwa nyali ya pansanja ya alonda. Anaona Kahiga atakhala tsonga pabedi la mitengo, maso ali otseka, mutu ukugwera pachifuwa n'kudzukanso pang'onopang'ono ngati wina waugwira kunkhongo. Nkhope inaloza kumtunda, kunyumba ya Gicheru wosoka nsapato.

M'mawa Kahiga analephera kudzuka. Lole inabwera, dalaivala anamusuzumira, nalavula n'kumapita. Koma dzuwa lisanafike pamutu, Gicheru anatengedwa.

Usiku wotsatira mutu unaloza kumunsi. Kutacha anatengedwa mphunzitsi wa katekisimu, munthu amene anakana lumbiro la m'nkhalango mpaka a Mau Mau anamuthyola mano. Usiku wachitatu Gathoni anamangirira mutu wa mwamuna wake ku mtengo wa bedi ndi nsalu yoberekera mwana. Pakati pa usiku anamva nsaluyo ikung'ambika pang'onopang'ono mumdima, kenaka kweche uja anayambiranso.

Anamugwedeza mpaka anatsegula maso.

"Ndinu, eti?" ananong'ona.

Kahiga anayankha, mpweya wake ukununkha ngati wa munthu wosadya masiku ambiri.

"Mzungu anandiuza kuti ndisankhe, chiguduli kapena chingwe cha pakhosi. Ndikapanda kugwedezera aliyense ankandimenya, ndiye ndinkagwedezera anthu osawadziwa. Koma osawadziwa anatha, mayi a Nyakio. Pano mutuwu sundifunsanso."

"Nanga poti simukutuluka m'nyumba muno, akuvala chigudulicho ndani?"

"Ndikatsinzina ndimapezeka ndili m'kati mwake. Ndimamva fungo lake. Ndimaona anthu pa timabowo tija."

Ali chilankhulire, khosi lake linapindika lokha, minyewa ikulira. Anagwira mutu ndi manja onse awiri, koma unatembenukabe mpaka unaloza kuchipata, kumene kunali nyumba ya Ndirangu, mlongo wake wa Gathoni. Unagwa pachifuwa.

Gathoni anathamangira kuchitseko. Panja pankamveka nsapato za mlonda, zikupita, zikubwera. Wotuluka usiku ankawomberedwa osafunsidwa dzina, ndipo mwana wake Nyakio anali gone pambali pa mbuzi. Gathoni anakhala pansi atatsamira chitseko, akuluma nsalu kuti kulira kwake kusamveke, mpaka tambala analira pamodzi ndi mawezulo a asilikali.

Anthu onse anathamangitsidwira pabwalo. Kahiga yekha anasiyidwa, poti sankatha kuima. Gakunia anatsika m'lole, chiguduli chikufika m'maondo. Gathoni sanayang'ane timabowo ta maso. Anayang'ana mapazi. Phazi lakumanzere linalibe kachala kakang'ono, ndipo chipsera chake anachidziwa, poti ndi iye anamanga bala limenelo tsiku lomwe nkhwangwa inamupulumuka Kahiga.

Mapaziwo anadutsa amuna angapo n'kuima pa Ndirangu.

"Ine ndalakwanji?" anakuwa Ndirangu. "Gathoni, auze! Si ine ndimawakumbira ngalande tsiku ndi tsiku?"

Anamuponya m'lole ngati thumba la nyemba.

Atawamasula, Gathoni anathamangira kunyumba. Anapeza Kahiga atazizira kale. Wamuyu, mayi wachikulire woyandikana naye nyumba, anakhudza thupilo n'kunena kuti munthuyu watsirizika kusanache. Chibwano chinali chitakanirira pachifuwa. Amuna awiri anayesa kuwongola khosi koma analephera, choncho anamuika m'manda ali chiweramire.

"Mayi, ndinaona mapazi ake pabwalo paja," anatero Gathoni pobwera kumanda. "Ndi maso angawa."

"Tonthola mwana wanga, waya ali ndi makutu," anayankha Wamuyu osamuyang'ana. "Opanda chala ndi ambiri. Ndipo ziguduli m'dziko muno sizisowa ozivala."

Za Ndirangu sizinamvekenso. Ena ankati ali kundende za kuchipululu, ena ankangopukusa mutu.

Sabata yotsatira mawezulo analiranso m'bandakucha. Ulendo uno anandandalika amayi. Gathoni anaima pamzere atagwira dzanja la Nyakio, mame akumuzizira m'mapazi. Anamva chitseko cha lole chikugwa, kenaka mapazi opanda nsapato akuyenda pa udzu wonyowa, osafulumira. Anatsinzina kuti asawaone. Anawamva akudutsa Wamuyu, akudutsa mkazi wa Gicheru. Atafika patsogolo pake analeka kumveka, ndipo Nyakio anamukoka dzanja.

"Amayi, taonani. Ababa."