Ndolo za Mkungudza

Wyson anakumana ndi Eneless pa siteji ya basi pa Phalombe, akugulitsa ndolo zamtengo zomwe ankasema yekha kwawo ku Nazombe. Zinali ndolo zonamiza maso: kachidutswa kutsogolo kwa khutu, kena kumbuyo, n'kawaya kolumikiza. Wovala ankaoneka ngati anakuza bowo la khutu monga amakedzana, chonsecho bowolo ndi la singano.

"Zokongola, koma makutu anga ngosaboola," anatero Eneless. "Kumpingo kwathu amaletsa."

"Chemwali, makutu okongola chonchi kukhala opanda kanthu, tchimo lenileni ndi limenelo!"

Pakamwa pa mnyamatayu panali pothira shuga. Mvula isanagwe, Eneless anali atasanduka "duwa langa".

Tsiku lina Wyson anamuonetsa kachidutswa ka mkungudza wa m'phiri la Mulanje, n'kumununkhizitsa.

"Ndikusemera zakozako, duwa langa. Zofanana nazo sizidzapezeka. Udzavala pa chinkhoswe chathu."

Anazisemadi, masabata awiri athunthu. Koma atangozimaliza, pa siteji panatulukira Natasha, namwino wochokera ku Lilongwe, yemwe Wyson anali atayamba kale kucheza naye mobisa.

"Izi ndi zanga eti, bebi?" anafunsa Natasha akumwetulira.

Wyson anasungunuka. Anamuveka ndi manja ake omwe.

Patapita masiku anayi, foni yake inalira. Unali uthenga wa Eneless: "Ndaboola makutu, okondedwa! Andichotsa mu kwaya, amayi sakundiyankhula, koma sindikudandaula. Ndikudikira ndolo zanga."

Wyson anakhala pansi. Anachita chiyani iye? Mwana wa eni kutaya kwaya imene anaimbamo chiyambire ubwana, chifukwa cha lonjezo lake! Manyazi anamugwira. Kukalanda ndolozo kwa Natasha akanayambira pati? Mkungudza nawo unali utatha.

Anasema zina za bulugamu, n'kuzipaka polishi. Kenako anapalasa njinga kupita ku Kaduya, kwawo kwa Eneless, chikumbumtima chikumudya njira yonse.

Anapeza Eneless ali pakhonde, khutu lakumanzere lomatidwa pulasitala. Mtsikanayo analandira ndolozo, n'kuzinunkhiza.

"Fungo lija lapita kuti, a Wyson?"

"Latha ndi polishi, duwa langa."

Eneless anamuyang'ana, misozi ikulengeza.

"Khutuli linachita mafinya, ndiye Lachiwiri ndinapita kuchipatala. Namwino atawerama kuti anditsuke bala, ndinamva fungo la mkungudza. Nditakweza maso ndinaziona. Akuti anamusemera ndi chibwenzi chake cha ku Nazombe, ndipo zofanana nazo sizidzapezeka."

Mawu ake omwe! Wyson anagwada pafumbi.

"Eneless, ndalakwa. Ndikhululukire, mayi wa mtima wanga!"

"Namwinoyo anandisamala bwino, alibe chifukwa. Sindinamuuze kanthu."

Anamubwezera ndolo za bulugamu zija m'manja, n'kumufumbatitsa.

"Tengani, mukagulitse. Za makutu angawa musadandaule. Namwino wanuyo akuti ndikapanda kuvala kanthu, mabowo atsekeka okha."