Mayi Rivesi ndi Bondo la Mlendo

Moni kwa iwe, mwana wanga, amene watsegula tsamba ili. Ndikuyamika Mulungu amene watisunga tonse awiri mpaka lero, iwe ndi maso owerengera, ine ndi mpweya wofotokozera. Khala pansi ndikuuze za hatchi ina ya kumapiri a ku Neno, ndi za mtsikana amene ankaiyendetsa chobwerera m'mbuyo anthu akuona.

M'mawa wina, chaka chimene sukulu zapulayimale zinayamba kukhala zaulere, mtsikanayo, Tisungeni, anatsegula khola n'kupeza hatchi yawo, Mlendo, itaima ndi miyendo itatu. Mwendo wachinayi, wakumbuyo kumanzere, unali utawongoka ngati mtengo, chiboda chikukwekwerezeka pansi.

"Ababa! Bwerani msanga, Mlendo wathyoka!"

A Zefaniya anatuluka m'nyumba akutsimphina ndi ndodo yawo. Bambowa anali mlaliki wa mpingo, ndipo mwendo wawo umodzi unapuwala ali mwana. Hatchiyo anaisiya ndi mmishonale wina pobwerera kwawo, ndipo poti inali yokhayo m'dera lonselo, anthu anaitcha Mlendo. Ndi imene inkawakweza kupita ku tchalitchi chaching'ono cha pamwamba pa phiri, chimene onse ankangoti cha ku Mtunda, kumene ngakhale njinga sinkafika.

"Sanathyoke," anatero a Zefaniya atasisita mwendowo. "Bondo lakola. Lakhala likutero pang'onopang'ono, koma lero lakaniratu."

Patapita masiku, a Laimoni, dokotala wa ziweto, anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Mwanza, fumbi lili mbuu m'nsidze. Anaika dzanja pachifuwa cha Mlendo n'kumukankha kuti abwerere m'mbuyo. Panamveka kuti khwa! ndipo mwendo unapindika. Koma atangoyenda pang'ono, unakolanso.

"Pabondo apa pali kafupa kamene kamakwera ndi kutsika," a Laimoni analongosola. "Ka hatchi yanuyi kakakwera kakumakodwa pamwamba, chifukwa kamtsempha kena kakukagwira ngati mbedza. Ndiyenera kukadula."

Opaleshoni inachitikira pansi pa mtengo wa mango. Tisungeni anagwira chingwe, a Zefaniya akuyimba nyimbo ya m'tchalitchi chapansipansi pafupi ndi khutu la hatchi. A Laimoni anabaya jakisoni wadzanzi, nacheka pang'ono, nasoka. Akusamba m'manja anayang'ana Tisungeni.

"Iwe ndiye uli ndi miyendo pakhomo pano, eti? Tamvera. Mpeni wanga wachita mbali yaing'ono, yaikulu ndi yako. Poyamba apume m'khola. Uzitsuka bala ndi madzi owiritsa amchere, ntchentche zisaterepo. Bala likapola, uzimuyendetsa tsiku lililonse pamtunda wosatsetsereka kwambiri, ndipo uzimubweza m'mbuyo monga ndachitira ine. Zimenezo ndiye zimalimbitsa minofu ya m'ntchafu. Bondo lakumanjali nalonso layamba kukola. Minofu ikafooka likaniratu, ndipo hatchi yokalamba ngati iyi sindingaichite opaleshoni miyendo yonse iwiri."

Akulu a mpingo nawo anakhala pansi n'kugamula mwachikondi koma mosabisa. Mlendo akalephera kunyamula munthu pofika Lamulungu la Kanjedza, adzamupereka ku esiteti ina yakutali, ndipo a Zefaniya adzapuma pa ntchito ya ku Mtunda.

Mbali yoyamba Tisungeni anaigwira mosangalala. Ankadzuka kusanayere bwino kuwiritsa madzi, kutsuka bala ndi kusesa m'khola asanathamangire kusukulu. Amayi a mumpingo ankabwera kudzazonda monga amachitira munthu akadwala, malichero a gaga ali pamutu. Ankagwada pakhomo n'kufunsa, "Kodi odwala agona bwanji kuno?" A Zefaniya ankayankha mwaulemu wonse kuti odwala agonako bwino, ndipo chakudya akulandira.

Bala linapola mvula itayamba. Vuto linali lakuti malo okhawo okwera bwino, olimba osaterera, anali msewu wodutsa pamsika n'kukwera cha kusukulu. Masiku amenewo pamsika sipankatha mikangano ya zipani. Abambo ankakhala pa bawo pakhonde la sitolo, wina akuti zinthu zasintha, wina akuti zasintha chiyani, ndipo aliyense ankalumbira kuti dziko silidzabwereranso m'mbuyo.

Apo ndi pamene Tisungeni anafika ndi hatchi yake. Anakwera nayo mtunda, naima kutsogolo kwake, naika dzanja pachifuwa. "M'mbuyo, Mlendo, m'mbuyo." Hatchi inayamba kubwerera, phazi ndi phazi.

Wyson, mnzake wa m'kalasi amene ankagulitsa zitumbuwa za amayi ake akaweruka, anakwera pamwala. "Anthuni, taonani! Dziko lonse likupita patsogolo, koma kwa a Zefaniya giya ndi ya rivesi yokha!"

Pakhonde la sitolo panabuka phwete. "Iwe mtsikana," anakuwa bambo wina, njere za bawo zili m'manja, "hatchi yakoyo sinamve kuti tinavota?"

Mawa lake kusukulu, anyamata anamulonjera akuyenda chafutambuyo. "Mwadzuka bwanji, Mayi Rivesi?" Ngakhale ana a Sitandade 1, amene ankaphunzirira pansi pa mtengo chifukwa cha kuchuluka, ankati akamuona n'kumalira ngati lole yobwerera. Tisungeni anali mtsikana wokhoza m'kalasi, wozolowera kutamandidwa. Dzinalo linkamuwotcha ngati khala.

Anapirira kanthawi, kenako analeka. Ankangomuzunguliritsa Mlendo kuseri kwa nyumba, pamalo athyathyathya pomwe panalibe womuona. Bambo ake atafunsa, anayankha akuyang'ana pansi kuti hatchi ikuoneka yotopa. Amayi odzazonda aja anavomereza ndi mtima wonse. "Wanena zoona mwanayu. Wodwala samukweza phiri, imeneyo ndi nkhanza. Adye, agone." Choncho Mlendo anadya gaga nagona. Mimba inakula, koma ntchafu zinaphwa.

M'mawa wina mu February bondo lakumanja linakola. Tisungeni anamukankha Mlendo kangapo, thukuta lili kamukamu, lisanamasuke. Asanapume n'komwe, panafika mnyamata kuchokera ku Mtunda ndi uthenga wa maliro. Anamwalira ndi a Yohane, nkhalamba imene inaumba njerwa za tchalitchi cha kumeneko, ndipo a Zefaniya anali atailonjeza kuti ndi iwo amene adzaiperekeze kumanda.

A Zefaniya anavala jekete yawo yoyera, natenga ndodo. Tisungeni anawatsatira atanyamula chikwama cha Baibulo. Pachigwa anayenda bwino ndithu. Koma atafika pa chikweza chachikulu, pomwe njira imapanikizika pakati pa thanthwe ndi phompho, ndodo sinathandizenso. A Zefaniya anaipereka kwa mwana wawo, nagwada, nayamba kukwawa ndi manja ndi mawondo m'matope ofiira. Amayi ena otsika ndi mitolo ya nkhuni anapatuka n'kuyang'ana kumbali. Ana awo sanayang'ane kumbali.

Pena dzanja la a Zefaniya linaterera ndipo anatsetsereka kubwerera pansi. Atapuma pang'ono anaseka. "Waona? Nanenso ndine wa rivesi."

Tisungeni anamva ngati wamenyedwa pamtima. Ndiye kuti bambo ake ankadziwa zonse, za dzina lija ndi za kuseri kwa nyumba, koma sanamukalipire ngakhale kamodzi.

"Ababa," anafunsa, "kodi inu simuchita manyazi anthu akamakuonani chonchi?"

"Ndimachita, mwanawe. Ndani angapande kuchita? Ndimangowanyamula n'kukwera nawo, poti kumtundaku kuli anthu akundidikira."

Anafika ku Mtunda dzuwa litapendeka. Manda anali atakwiriridwa kale, amayi akuyimba nyimbo yotsiriza. A Zefaniya anaima pambali pa mtumbira, jekete ili yofiira ndi matope, napemphera okha mwakachetechete. Mkulu wa mpingo wina anawagwira paphewa n'kunena mofatsa, "Mwagwira ntchito, a mlaliki. Palibe angakunyozeni mukapuma." A Zefaniya anatola ndodo yawo, nayamba ulendo wobwerera kwawo.

Tsiku lotsatira linali la msika. Tisungeni sanadikire kuti anthu achepe. Anamanga chitenje molimba, natulutsa Mlendo, nadutsa naye pakati penipeni pa ogulitsa mbatata ndi tomato.

"Afika! Afika Mayi Rivesi!" Wyson anakuwa.

Tisungeni anatukula mutu. "Ee, ndafika. Chotsa zitumbuwa zakozo, galimoto ikubwerera."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwina tsopano. Wyson anayasama.

"Ndipo poti pakamwa uli napo pokwanira," anapitiriza Tisungeni, "ima kumbuyoko uzindiuza ngati kuli mwala. Lole iliyonse imakhala ndi wokuwira dalaivala."

Wyson anayang'ana abambo a pa bawo, nayang'ana hatchi. Kenako anaika beseni pansi, nathamangira kumbuyo akukupiza manja. "Bwera! Bwera! Manzere pang'ono, adalaivala! Bwera! Basi!"

Kuyambira tsiku limenelo sanaphonyenso. Kukagwa mvula ankafunda thumba la feteleza n'kupita. Akabwerako ankasisita ntchafu za Mlendo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda. Anapempha amayi odzazonda kuti achepetse gaga, m'malo mwake azibwera ndi udzu wauwisi, ndipo amayiwo anadandaula kuti odwala a masiku ano ndi osankha. Panali masiku ena amene bondo linkakola ndithu, Tisungeni n'kulira ataika mutu pakhosi la hatchi, koma mawa lake ankapezekanso pamsewu. Pang'onopang'ono ntchafu zinadzaza. Abambo a pa bawo anafika poimitsa mkangano wa zipani n'kumatsutsana ngati Mlendo wakwera mofulumira lero kuposa dzulo.

A Laimoni atabweranso, anatsina minofu ija, nayendetsa hatchi uku ndi uku, naimba mluzu. "Mpeni ndabwera nawo, koma ubwerera osagwira ntchito. Ayambe kunyamula munthu, pafupi kaye." A Zefaniya anayamba kukwera mpaka pamsika, kenako mpaka kumtsinje.

Lamulungu la Kanjedza linacha bwino, mapira akuweramira m'minda. Mpingo wonse wakuchigwa unanyamuka kupita ku Mtunda ndi masamba a kanjedza m'manja, akulu a mpingo ali momwemo. A Zefaniya anali pamsana pa Mlendo, Tisungeni atagwira chingwe kutsogolo, Wyson kumbuyo atavala malaya a bambo ake. Nyimbo inkayenda kuchokera kwa amayi kupita kwa abambo n'kubwereranso.

Pa chikweza chija, pamalo omwewo pamene a Zefaniya anakwawa, Mlendo anaima mwadzidzidzi. Mwendo wakumanja unatsalira kumbuyo, wowongoka. Nyimbo inaduka. Kumanzere kunali phompho, ndipo panalibe malo oti munthu wolumala atsikire.

Tisungeni anamva maso onse pamsana pake. Anayang'ana bambo ake, ndipo iwo anagwedeza mutu movomereza. Tisungeni anaika dzanja pachifuwa cha hatchi. Sanakankhe n'komwe.

"M'mbuyo, Mlendo."

"Bwera," anatero Wyson, mawu ali pansi kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. "Kuno kuli bwino. Bwera. Basi."

Khwa! Mlendo anapinda mwendo, naugwedeza ngati akuthamangitsa ntchentche, napumira m'mphuno. Kenako anakanda nthaka ndi ziboda n'kukwera chikweza chonsecho osaimanso, miyala ikugubuduka kumbuyo kwake. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa chigwa. Mkulu wa mpingo uja anapukuta m'maso ndi tsamba la kanjedza, ndipo za esiteti sanazitchulenso.

M'tchalitchi munadzaza mpaka ena anaima pamawindo. A Zefaniya asanatsegule Baibulo anatsamira pagome n'kuyang'ana anthu awo.

"Abale, Ambuye wathu tsiku ngati lalero anasankha kunyamulidwa ndi nyama, ndiye ine sindichita manyazi kufika pano pamsana pa Mlendo. Koma miyendo imene yandifikitsa si ya Mlendo yokha. Kodi Mayi Rivesi ali muno?"

Panali kaphokoso ka kuseka. Anyamata a kusukulu anatembenuka kuti aone ngati abisa nkhope. Tisungeni anaimirira pakati pa atsikana anzake, matope a m'njira akadali m'mapazi, msana uli chilili.

"Ndilipo, ababa," anayankha mokweza, kuti ndi a pamawindo omwe amve.

Panja, pansi pa mtengo, Mlendo ankadya udzu ataima ndi miyendo yonse inayi.

Tsono iwe amene wawerenga mpaka pano, Mulungu alimbitse mawondo ako pa chikweza chilichonse, akupatse wokugwirira chingwe ndi wokukuwira kumbuyo, ndipo akufikitse bwino kumene akukudikira. Amen.