Swichi ya Pansi pa Phazi

Mlendoyo anafika Lolemba masana, galimoto yake ikukokedwa ndi lole. Inali galimoto yamakedzana, yakuda bii, ya magetsi awiri ozungulira ngati maso a munthu wodzidzimuka. Anatsika m'lolemo, navula chipewa, nayang'anitsitsa chitseko cha galajayo ngati nkhope ya munthu amene anasiyana naye kalekale. Dzina sanatchule. Anthu a mumsewuwo anangomutcha Achipewa.

Lachisanu m'mawa, mwini galajayo, mekaniki wodziwika kuti a Spana, anapezeka atafa pambali pa galimoto yakudayo.

Insipekitala anafika dokotala atamaliza kale kuyeza mtembo. Anali mayi wa imvi zapatalipatali, wosakonda kufunsa funso kawiri. Anaona kuti chitseko cha woyendetsa chinali chotsegula, magazi ataumira pansi pa chiwongolero, ndipo mzere wake unatsika mpaka pasimenti pamene mtembowo unagona.

"Amumenya kamodzi kunkhongo, dzulo chakumadzulo," anatero dokotala. "Anali atagwada, mutu uli m'kati mwa galimoto. Wina wachita kumukokera panja."

Sajeni, bambo wamimba amene ankayenda ngati msewu ndi wake, anabwera atanyamula hamala m'jumbo.

"Musavutike, Mayi, tamugwira kale. Ndi wowotcherera zitsulo wa khomo linalo. Hamalayi ndi yake. Dzulo masana msewu wonse unamumva akuuza malemuwa kuti awaphwanya mutu. Lolemba akaonekera kukhoti."

"Mwamugwira, kapena mwangotola amene anali pafupi?"

"Mayi, ntchitoyi sindinayambe dzulo."

"N'chifukwa chake ikukutopetsani," anayankha Insipekitala.

M'chipinda chofunsira mafunso, wowotchererayo anakhala atakunga zibakera patebulo. Anali mwamuna wa mapewa aakulu, mikono yodzaza timabala ta moto.

"Hamala anandibwereka mwezi watha osabweza. Afunseni onse, munthu uja sankabweza kanthu."

"Munayambana chiyani?"

"Anandinena kuti ndine galu wonunkha utsi."

"Agalu satukwanidwa popanda chifukwa. Dzulo madzulo unali kuti?"

Mwamunayo anayang'ana khoma.

"Ukakhala chete, Lolemba ukamva mlandu wakupha. Ukumva?"

"Ndamva. Nditsekereni."

Chimene ankabisa chinabwera chokha. Mwana wamkazi wa malemuwo analowa papolisi nsapato zili m'manja, maso ali psu.

"Anali ndi ine," anatero. "Tinali kuseri kwa thanki ya madzi, kumene timakumana chaka chino chonse. Dzulo anapita kukandipempha kwa bambo, bambo n'kumuthira oyilo wakuda pamalaya. Akukhala chete kuti anthu asandinene. Chitsiru cha munthu, akufuna kukafera kundende chifukwa cha mbiri yanga."

Sajeni anaseka. "Mboni yachikondi, Mayi. Woweruza amangoyasamula."

Insipekitala anadziwa kuti apa Sajeni sankanama. Mawu a mtsikanayo pawokha sakanatsegula chitokosi.

Insipekitala anawapeza Achipewa kunyumba yogona alendo, atakhala pabedi loyalidwa bwino, chipewa chili pabondo. Ankalankhula motsitsa, ngati m'chipindamo muli wodwala.

"Ine ndimagulitsa nsalu. Galimotoyi ndinaigula chifukwa cha kukongola kwake basi. Kuyendetsa sindidziwa, ngakhale pampando wa woyendetsa sindinakhalepo."

"Inavuta chiyani?"

"Wondigulitsayo anati ukafuna kuika fulu, magetsi owala patali aja, onse amangozima. Anati ndi swichi. Ndinagula yatsopano m'kabokosi kake, n'kuwapatsa a Spana Lolemba lomwelo."

"Dzulo munali kuti?"

"Muno."

"Dzina lanu?"

Anatchula dzina lina lake, mofulumira kwambiri, ngati munthu wovala malaya obwereka. Insipekitala analemba, koma maso ake anali pa zikhadabo za mlendoyo. Zinali zodulidwa mpaka m'mnofu, ngati za munthu wobisa kuda kwa oyilo.

Loweruka m'mawa Insipekitala anabwerera kugalaja. Mkazi wa malemuwo anali atakhala pakhomo, pa tayala lakutha, akukana kupita kunyumba kumene abale ankalira.

"Ndikalire chiyani?" anatero mayiyo. "Ndalira zaka zonsezi ali moyo."

Insipekitala anagwada pamene a Spana anagwada, nalowetsa mutu pansi pa chiwongolero. Swichi ya magetsi sinali pachiwongolero monga m'galimoto za masiku ano. Inali pansi, kumanzere kwa kilachi, kachitsulo kozungulira kopondedwa ndi phazi. Inali yatsopano, yonyezimira. Mawaya ake atatu anali olumikizidwa mwaukhondo, aliyense atavekedwa kapaipi kake.

"Amuna anu anali ndi dzanja labwino," anatero.

Mayiyo anadzuka, nasuzumira, natulutsa kaphokoso konyoza.

"Iyo si ntchito ya mwamuna wanga. Munthu uja sanaikepo chitsulo chatsopano m'galimoto ya munthu. Ukamubweretsera chatsopano, amachiponya m'thumba la ovolosi kuti akagulitse. Chakalecho amachikanula, kuchipala ndi sandipepa, kufinyiramo pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, n'kukuuza kuti zatheka. Mawaya amapota ndi mano. Ndakhala ndikutukwanidwa pamsika chifukwa cha mapepala akewo."

Insipekitala anapempha sikuludiraiva, namasula swichiyo pang'onopang'ono. Pamwamba pake panalibe dontho ngakhale limodzi. Pansi pake, pachitsulo cha galimoto, magazi anali ataumira, ataphwatalala monga mmene swichiyo inawapsinjira.

Anaitana Sajeni. "Onani. Magazi anayamba kugwa, swichi n'kubwera pambuyo. Munthu wapha mnzake, wamukokera panja, kenako wagwada m'magazi n'kumaliza ntchito."

"Wowotcherera uja amadziwa zitsulo."

"Ndiye wamenya apongozi ake, n'kuwathandizanso ntchito? Kamutengeni. Mukatengenso Achipewa. Akafika, wowotcherera ayambe, mlendoyo adikire panja."

Masana, wowotchererayo anakhazikidwa pampando wa woyendetsa, unyolo uli m'manja. Insipekitala anayatsa magetsi, namuuza kuti aike fulu. Mwamunayo anapapasa kuzungulira chiwongolero, nakoka kandodo kena, zopukutira galasi n'kuyamba kuvina. Anakankha kena, hutala n'kulira.

"Mayi, ine ndimawotcherera mageti," anatero mokwiya. "Mukufuna ndikuimbireninso nyimbo?"

Anamutsitsa, namukhazika pakona pamodzi ndi mtsikana uja ndi mayi ake. Insipekitala ananong'oneza Sajeni mawu angapo, Sajeni n'kupita kukaima pafupi ndi batire, boneti ili yotsegula pang'ono. Kenako analowetsa mlendoyo.

"Tithandizeni, bambo. Tikufuna kuona ngati magetsi akulunjika bwino. Ingokhalani apo mugwire chiwongolero. Musakhudze kanthu, poti simudziwa."

Mlendoyo anazengereza, koma anakhala. Apolisi anatseka zitseko zachitsulo za galajayo, usana n'kutsalira panja. M'katimo munatsala kuwala kwa magetsi awiri aja pakhoma basi, Insipekitala atabisa katochi kakang'ono m'dzanja, ataima pa chitseko cha woyendetsa.

Insipekitala anakhosomola kamodzi. Sajeni anazula waya wa batire.

Mdima unagwa ngati chikwapu. Nthawi yomweyo pansi pa chiwongolero panamveka khethe, khethe, khethe. Insipekitala anayatsa tochi. Phazi lamanzere la mlendoyo linali pa swichi, likuponda mobwerezabwereza, manja atakanirira chiwongolero, maso ali tong'o kuyang'ana msewu umene panalibe.

"Ababa, magetsi!" anakuwa ndi mawu a mwana. "Ababa!"

Insipekitala ankayembekezera phazilo. Mawuwo sanawayembekezere, ndipo anamulasa penapake pamene ankaganiza kuti panauma kale.

"Tsegulani zitseko," analamula.

Kuwala kutalowa, mlendoyo anali akupuma mwabefu, chipewa chitagwera pansi. Pamphumi pake, pamene chipewacho chinkabisa, panali chipsera chachitali cholowera m'tsitsi.

"Wogulitsa nsalu amene sanakhalepo pampandowu," anatero Insipekitala, "koma phazi lake likudziwa njira mumdima. Munapha munthu, bambo, n'kusiya wina kuti akanyamule mlandu wanu. Muyang'aneni uyo. Lolemba akanapita kukhoti."

Mlendoyo anatembenukira wowotchererayo, nkhope yake n'kugwa. "Sindinadziwe kuti agwira munthu."

"Simunafunse."

Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa maswichi awiri akale, nawaika pamwamba pa galimoto. Ina inali yakuda ndi dzimbiri la zaka zambiri. Inayo inali yongochotsedwa kumene. M'kati mwa iliyonse munkasuzumira kapepala konyezimira.

"Galimotoyi inali yobiriwira," anayamba. "Inali ya bambo anga. Galaja ino inalinso yawo, ndipo mng'ono wawo, amene inu mukuti a Spana, ankagwira ntchito pansi pawo. Tsiku lina tinali ndi ulendo wautali. Bambo anagula swichi yatsopano, n'kumupatsa mng'ono wawoyo kuti aike. Ine ndinali pomwepo, ndikusewera ndi mabawuti. Anati zatheka, akulu, pitani bwino. Tili pakona ya m'phiri, bambo anaponda kuti aone patali. Kunada. Ndinawamva akuponda, akuponda, amayi akutchula dzina langa. Pangoziyo ndinatsala ndekha."

Anapitiriza, maso ali pa maswichi aja.

"Pamaliro, iye anauza anthu kuti bambo anali ataledzera. Bambo anga, amene mowa sankaudziwa n'kukoma kwake. Ndikati ndinene za magetsi, ankati mwanayu mutu unagwedezeka. Ananditumiza kwa abale a amayi, kutali, iye n'kutenga galaja. Nditakula ndinasakasaka chigoba cha galimotoyi mpaka ndinachipeza m'tchire kuseri kwa malo otayirako zitsulo, nkhuku zikuikiramo mazira. Swichi iyi inali momwemo. Ndinaphunzira ntchitoyi chifukwa cha galimoto imodzi yomweyi. Chitsulo chilichonse ndabwezera ndi manja anga."

"Ndiye munabwera kudzamupha."

"Ayi." Mawu ake anakwera koyamba. "Ndinabwera kudzaona ngati anasintha. Ndinaika dala swichi yakutha, n'kumupatsa yatsopano m'manja, monga anachitira bambo. Ndinati akangoika yatsopanoyo, ndikwera galimoto yanga n'kumapita, sadzandidziwa mpaka kalekale. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokhacho. Lachinayi madzulo ndinamupeza atagwada apa, akuimba mluzu, ndudu ili kukhutu, akufinyira pepala. Kabokosi kanga kali m'thumba mwake. Ndinamufunsa ngati sizingazime panjira. Anaseka osatembenuka n'komwe. Anati, musaope bwana, mkulu wanga anali nayo ngati yomweyi, koma uja unamupha ndi mowa."

Analoza pambali pa galimoto.

"Hamala inali pa tayala."

"Nanga swichiyo munaikiranji?" anafunsa Insipekitala. "Mukanathawa, sindikanakupezani."

"Sindikanaisiya choncho. Wina akanadzaiyendetsa."

Insipekitala anatenga kiyi kwa Sajeni, namasula yekha unyolo wa wowotchererayo. Mtsikana uja anagwira manja otupawo, koma maso ake anali pa munthu amene anapha bambo ake, ndipo sankadziwa kuti amutukwane kapena alire. Sajeni anaveka mlendoyo unyolo womwewo, osayang'ana aliyense.

"Dzina munandipatsa dzulo lija ndi labodza," anatero Insipekitala. "Ndikufuna lenileni."

Mlendoyo anatsegula pakamwa, koma mkazi wa malemuwo anali atafika kale patsogolo pake. Anakweza dzanja, nakhudza chipsera chija ndi chala, kuchokera pamphumi mpaka m'tsitsi.

"Bala ili ndinkalitsuka ndine, ndili mtsikana wongolowa kumene m'banja lino," anatero. "Unkandiuza za magetsi tsiku lililonse, ine n'kumati gona, mwanawe, walota." Anatembenukira Insipekitala, misozi imene inakana kutsikira mwamuna wake ikutsika tsopano. "Lembani, Mayi. Ndi mwana wa alamu anga. Dzina lake ndi Fatsani."